Injini ya Ndege Kuseri kwa Nyumba Yathu

Atate anga anagwira ntchito ya ndege kwa zaka zambiri, koma phazi lawo silinachokepo pansi ngakhale tsiku limodzi. M'komboni yathu yonse ya Kalingalinga ankawatchula kuti ba Pailoti. Iwo ankadziwa bwino kuti anthu akuwaseka, koma dzinalo ankalilandira ndi manja awiri, mpaka nthawi zina ankakweza dzanja pachipumi ngati msilikali. Ine mwana wawo woyamba ndinkachita nazo manyazi kwabasi.

Ntchito yawo yeniyeni inali kusesa, kupukuta ndi kulondera shedi yaikulu ya malata imene inali m'mphepete mwa bwalo lakale la ndege, kamtunda koyenda pansi kuchokera kwathu. M'shedimo munkasungidwa ndege zisanu zakale zimene zinasiya kuuluka ine ndisanabadwe. Eni ake anali kagulu ka madoda okalamba, ena amakanika, ena oyendetsa ndege opuma pantchito, amene anakana kuti ndegezo ziphwanyidwe. Pakhomo anakhomapo chikwangwani chakuti myuziyamu, ndipo ana a sukulu ankabwera ndi aphunzitsi awo kudzaona. Atate ankavala chikhoti choyera chofika m'mawondo n'kumawatsogolera anawo, kuwaonetsa mapiko, mipando ndi timawotchi tambirimbiri ta kutsogolo kwa woyendetsa. Mawu awo omaliza anali amodzimodzi chaka ndi chaka, moti ife kunyumba tinachita kuwaloweza.

"Izi ndeke sizinafe iyai," ankatero atate. "Zipumula chabe. Mukazipatsa mafuta, mawa ziuluka."

Panali ntchito imodzi imene iwo ankaiona kuti ndi yoposa zonse. Mmodzi wa madoda aja, makanika wa imvi mbuu, anawaphunzitsa kuti injini ya ndege ikangokhala osagwedezeka, zitsulo za m'kati zimachita dzimbiri n'kugwirana, ndipo zikagwirana ndiye kuti yafa. Choncho m'mawa uliwonse atate ankayenda ndege ndi ndege, kugwira pulopela, chitsulo cha mapiko awiri chimene chimazungulira pamphuno pa ndege, n'kuizunguza ndi manja kangapo. Asanaigwire ankayenera kufuula kuti, "Chokani kutsogolo!" Limenelo linali lamulo la amakanika, chifukwa pulopela ya ndege yamoyo imadula munthu pakati. Atate ankafuula ngakhale m'shedimo muli iwo okha ndi nkhunda za kudenga. Akamaliza ankalemba mzere umodzi m'buku lachikuto chakuda.

Kenaka zinafika zaka za mizere. Amene munalipo mukukumbuka: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa shuga, mzere wa mafuta ophikira amene ife timati saladi. Munthu ukaona anthu afola unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo kuti kukubwera chiyani. Ana a sukulu analeka kubwera ku myuziyamu. Denga linayamba kudontha ndipo panalibe wogula lata. Madoda aja ena anamwalira, ena anatengedwa ndi ana awo kukakhala kutali. Akuba anayamba ndi mawaya, kenaka magalasi, kenaka matayala. Potsiriza panatsala makanika wa imvi uja yekha, akuyendera ndodo, ndipo tsiku lina anauza atate kuti shedi ikutsekedwa, ndege zagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha a kumafakitale.

Ogulawo anabwera ndi lole ndi nkhwangwa, n'kuziduladula ndegezo masiku atatu atate akuyang'ana. Zitsulo zopepuka zija zinathera kwa osungunula miphika a m'makomboni a Chawama ndi Kanyama. Miphika yambiri imene inagulitsidwa m'misika chaka chimenecho inali itaulukapo m'mitambo, ophikamo osadziwa.

Chinthu chimodzi chokha makanika uja anakana kugulitsa. Inali injini ya kandege kakang'ono pa zonse, pamodzi ndi pulopela yake, yomangidwa pa choikapo chachitsulo cha miyendo inayi. Anapatsa atate injiniyo, buku lakuda lija, ndi chigubu cha mafuta ofiira a ndege chimene chinatsala m'kabati. Anangowauza kuti aisunge, ndipo asaleke kuizunguza.

Sindidzaiwala mmene inalowera m'komboni. Inali pa ngolo yokankha, amuna anayi ali thukuta kamukamu, atate ali kutsogolo ndi chikhoti chawo choyera, akupirikitsa agalu m'njira. Amayi anali pakhonde akusankha tomato woti akagulitse kumsika. Anaimirira, anayang'ana ngoloyo, anayang'ana atate, n'kugwira m'chiuno.

"Imwe," anatero amayi, "banzanu nchito ikasila babwela na malata, bena na njinga. Imwe mwabwela na fani?"

"Si fani iyi. Ni injini ya ndeke."

"Manje tizadya injini?"

"Iyi ni mbiri ya dziko," anayankha atate, akupukuta fumbi pa pulopela ndi mkono wa chikhoti.

"Mbiri ya dziko ikagone kuseli. Munyumba mwanga siingena."

Inakagonadi kuseri, pakati pa bafa la maudzu ndi mtengo wa mapeyala, pamene amayi anali ndi kadimba ka repu. Repuyo anazulidwa. Atate anaifunditsa injiniyo masaka a ufa osokedwa pamodzi, ndipo kuyambira mawa lake ntchito inapitirira ngati kuti palibe chatsekedwa. Kukangoyera ankavala chikhoti, kuchotsa masaka, kufuula kuti "Chokani kutsogolo!" n'kuzunguza pulopela. Injiniyo inkapuma mwaphuma, fuu, fuu, ngati nkhalamba yokwera chitunda. Loweruka lililonse ankaidonthezera mafuta ofiira aja ndi supuni. Akamaliza ankalemba m'buku, kuvula chikhoti, n'kupita kukasaka maganyu amene kawirikawiri sankapezeka.

Kuseri kwathuko kunali mpanda wa maluwa, ndipo tsidya lake kunkakhala mayi wina wamasiye wochokera kumigodi, wogulitsa makala. Tinkangowatchula kuti baneba. Sanali munthu woipa. Amayi akadwala ankatibweretsera makala aulere. Kungoti maso awo sankatha kukhala pabwalo pawo pokha, ndipo mpandawo unali ndi mpata pamalo oyenera.

Kwathu kuno palibe amene sadziwa za ndege za afiti. Amati zimakhala zazing'ono, zopangidwa ndi lichero kapena bango, ndipo mafuta ake ndi magazi a munthu. Amatinso eni ake amatenga anthu ali m'tulo n'kukawagwiritsa ntchito kutali, n'chifukwa chake munthu amadzuka thupi lonse litaphwanyika. Tsono baneba ankadzuka msana ukuwawa. Zoti ankasenza matumba a makala kuchokera kumsewu mpaka kumsika tsiku ndi tsiku sanaziwerengere. Chimene anawerengera n'chakuti tsidya la mpanda kuli mwamuna amene m'mawa uliwonse amauza anthu osaoneka kuti achoke kutsogolo, amamwetsa chitsulo zinthu zofiira pa supuni, kenaka n'kulemba m'buku lakuda. Anauza mnzawo mmodzi yekha pa mpopi, mwachinsinsi. Pofika Lamlungu, nkhaniyo inali itafika mpaka ku komboni ina, ya Mtendere.

Chimene chinkawazunguza mutu anthu chinali kukula kwa chinthucho, poti ndege ya mfiti imayenera kukwana pansi pa bedi. Koma nachonso anachipezera yankho. Anati ba Pailoti ndi mfiti yophunzira, yagula yachizungu.

Anthu anayamba kudutsa kuseri kwathu mopanda chifukwa, kusuzumira pa mpanda. Atate, kalanga ine, anasangalala. Ankaganiza kuti myuziyamu yawo yayamba kudziwika. Akaona mutu pa mpanda ankathamangira chikhoti.

"Ngenani, ngenani, musaope! Bwelani muone pafupi!"

Munthuyo ankabwerera m'mbuyo, koma atate ankamutsatira ndi mawu awo aja a ana a sukulu.

"Iyi ndeke siinafe iyai. Ipumula chabe. Ikapeza mafuta, mawa iuluka."

Tangoganizani mmene mawu amenewo ankamvekera m'makutu a munthu amene wamva kale za supuni ya magazi. Ena ankathawa osatsanzika.

Ife ena tonse m'nyumba tinadziwa msanga. Tomato wa amayi anayamba kubwerera kunyumba atafewa, poti ogula ankalambalala tebulo lawo. Azimayi a kutchalitchi ankatipatsa moni ali chapatali, manja atabisa m'zitenje. Amayi atawauza atate chimene chikunenedwa, iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati anthu a m'tauni, oona ndege zenizeni zikudutsa pamutu pawo tsiku ndi tsiku, sangakhulupirire zachibwana zotero. Atate ankadziwa za injini, koma za anthu ankangopapasa.

Amene anathira mafuta pamoto ndine. Nthawi imeneyo ndinali nditamaliza sukulu, ntchito kulibe, ndiye ntchito yanga inali kuima pa mizere m'malo mwa banja. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale, ndipo sindinasinthe. Tsiku lina tinafola pa sitolo kudikira saladi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wonenepa, mnzawo wa baneba wa pa mpopi uja. Anayamba kulankhula ndi mnzake mokweza, kuti ine ndimve.

"Bena baimilila chani pa laini? Si bangauluke chabe, bakatenge saladi ku Joni?"

Anthu anaseka. Ine ndinatembenuka, njala ndi dzuwa zitandikwera kumutu.

"Ee, timauluka!" ndinatero. "Na lelo tizauluka. Mukonzeke bamayi, tizabwela kukutengani. Koma na thupi yanu iyo, kaya ngati ndeke izanyamuka."

Ndinkayembekeza kuti mzere wonse umuseka iyeyo. Palibe anaseka. Anthu amene anali pafupi nane anasuntha, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zimenezo ndinaima pa mzere mopanda wondipanikiza. Saladi ndinagula, koma ndisanafike kunyumba komboni yonse inali itamva kuti mwana wa ba Pailoti waulula yekha pagulu. Amayi sanandimenye. Anangondiyang'ana n'kunena kuti pakamwa panga ndi pamene padzatiotchere nyumba.

Masiku amenewo chigawo chilichonse cha komboni chinali ndi tcheyamani wake, woweruza milandu ya nkhuku, ya zimbudzi ndi ya mabanja. Wathu anali wokhoma mbaula, munthu wamfupi wokonda misonkhano kuposa chakudya. Anabwera yekha kunyumba, anavula chipewa, n'kukhala pa mpando umene atate anamupatsa.

"Ba Pailoti, ine nilibe na imwe mulandu," anatero. "Koma banthu bakamba maningi. Bakuti ngati chija chinthu chiuluka, chichoke mu komboni, na imwe bene bake muchoke. Banyamata bena bayamba kukamba votentha nyumba. So pa Chibelu masana tizakumana pano, muyankhe mweka."

Pa Chibelu ndi Loweruka. Atachoka tcheyamani, m'nyumba munalowa mantha enieni. Nyumbayo atate anaimanga okha, njerwa imodzi imodzi, ndipo kwina kopita tinalibe. Tinali titamvapo za nkhalamba za m'makomboni ena zimene zinathamangitsidwa ndi miyala pa nkhani ngati yomweyi.

M'mawa wa Lowerukalo amayi sanapite kumsika. Anawapeza atate kuseri akupukuta injini ngati kuti kukubwera alendo olemekezeka.

"Imwe, mveleni," anatero amayi, mawu atatsika. "Bakafunsa, mukambe chabe kuti ni chisulo chakufa. Basi. Nkhani izasila."

"Ningakambe bwanji boza pa banthu?"

"Ni boza? Ili na mapiko iyi? Ili na mawilo?"

"Mapiko ni yomangilila chabe. Mtima wa ndeke ni uyu, ndipo uli moyo. Zaka zonse zija nenzochita chani ngati inafa?"

Amayi anatembenuka n'kubwerera m'nyumba.

Masana anthu anadzaza bwalo lathu mpaka mumsewu. Ena anakwera pa milu ya miyala yoswa ya anansi. Kumbuyo kunaima anyamata a mindevu yongomera, manja m'matumba, ndipo matumbawo ankaoneka olemera. Tcheyamani anavala jekete ngakhale kunkatentha, ndipo anatsegula msonkhano ndi pemphero lalitali. Kenaka analamula kuti masaka achotsedwe. Injini itaonekera, azimayi akutsogolo anati "Mayo!" n'kubwerera m'mbuyo, kuponda a m'mbuyo mwawo.

Anayamba ndi mafuta ofiira. Atate anatulutsa chigubu. Tcheyamani anachinunkhiza, anachipendeketsa, anadonthezera pang'ono pachikhatho. Poona kuti anthu onse akumuyang'ana, analimba mtima n'kunyambita. Nkhope yake inakwinyika ngati ya mwana wolawa mankhwala a malungo, ndipo analavula katatu.

"Aya ni mafuta," anatero akupukuta lilime ndi mpango. "Magazi niyaziba. Aya ni mafuta, ndipo yoipa maningi."

Anthu ena anaseka, ndipo ine ndinayamba kupuma. Kenaka anafunsa za kufuula kuja, kuti atate amauza ndani kuti achoke kutsogolo. Atate anafotokoza lamulo la amakanika bwinobwino, mpaka kuonetsa ndi dzanja pamene pulopela imadula munthu. Bambo wina amene anagwirapo ntchito m'galaja anavomereza kuti zitsulo zili ndi malamulo otero. Nkhani inkaoneka kuti ikupita kwabwino.

Pamenepo baneba anaimirira, dzanja lili pamsana.

"Na buku?" anatero. "Buku yakuda ija balembamo maina ya bandani?"

Atate anakatenga bukulo mokondwa, poti ankalinyadira kwambiri. Tcheyamani anapatsa mphunzitsi wa Sande sukulu kuti awerenge mokweza. Mphunzitsiyo anatsegula tsamba lomaliza, anakonza magalasi, n'kuwerenga mzere wa tsiku lomwelo.

"Yazunguzidwa. Ikhoza kuuluka."

Anawerenga wa dzulo lake. "Yazunguzidwa. Ikhoza kuuluka." Anabwerera masamba angapo m'mbuyo, mawu ake omwewo. Maina a anthu munalibe, koma zimenezo palibe anazikumbukiranso. Bwalo lonse linayamba kung'ung'udza. Mayi wonenepa wa pa mzere uja anafuula kuti mwana ananena, tsopano buku lanenanso. Ndinaona mnyamata wina kumbuyo akutulutsa dzanja m'thumba. Ndinadziwa kuti zonsezi ndaziitana ndine.

Tcheyamani anakweza manja mpaka phokoso linatsika. Sanalinso kusangalala ndi msonkhano wake.

"Ba Pailoti," anatero, "funso ni imozi chabe. Iuluka olo siuluka?"

"Ba cheyamani, mukaimangilila mapiko, mukaipatsa mafuta yabwino…"

Phokoso linakweranso. Tcheyamani anasendera pafupi, n'kulankhula motsitsa, moti tinamva ndife a pakhonde tokha.

"Bakulu banga, nithandizeni. Banthu aba sibafuna sukulu. Iuluka olo siuluka?"

Atate anayang'ana injini yawo, yonyezimira ndi kupukuta kwa m'mawa. Anayang'ana amayi, amene anali atakhala pansi pakhonde atakumbatira azing'ono anga awiri. Anayang'ana nyumba. Nkhuku ya baneba inadutsa pakati pa bwalo, anthu onse akuiona.

"Siuluka," anatero.

"Kambani mokweza, bamve bonse."

"Siingauluke!" Mawu awo anamveka mpaka mumsewu. "Inafa kudala. Zonse zija zenze mu shedi zinafa kudala, nikalibe kuyamba na nchito. Ni chisulo chabe. Ine nenze wopyanga pansi."

Wopyanga ndiye wosesa. Sindinawamvepo atate akudzitchula choncho.

Kenaka wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo bwalo lonse linatsatira. Kunali kuseka kwa anthu amene mantha awachoka, ndipo ena ankaoneka okhumudwa pang'ono kuti ayenda ulendo wonsewo kudzaona chitsulo. Anyamata aja anakhuthula miyala yawo mu ngalande mwakachetechete. Bambo wa m'galaja uja anapita kukagogoda injini ndi chala. Mwamuna wina wosungunula miphika anafunsa atate ngati angamugulitse, poti yafa kale, ndipo amayi anamuthamangitsa ndi tsache. Tcheyamani analangiza baneba kuti azisenza theka la thumba, n'kutseka msonkhano ndi pemphero lina lalitali. Baneba anachoka akunena kuti iwo sanatchule munthu dzina, anangofunsa.

Nyumba inapulumuka. Lolemba tomato wa amayi anatha dzuwa lisanafike pamutu, poti aliyense ankafuna kugula kwa mkazi wa mfiti imene sinali mfiti.

Koma Lamlungu m'mawa kuseri kunali zii. Ndinadzuka nthawi yake ija, kudikira kufuula kumene kunkandichititsa manyazi, osakumva. Atate anali pa kampando pakhomo, atavala malaya wamba, akuyang'ana mumsewu. Chikhoti chinali pa msomali. Lolemba chimodzimodzi. Lachiwiri chimodzimodzi. Sanapite kukasaka ganyu, sanamete ndevu, ndipo munthu wodutsa akati "ba Pailoti" ankangogwedeza mutu, dzanja osakweza. Pa masaka aja panayamba kugwera masamba a mapeyala. Ine ndinkadutsa pafupi ndi atate nditanyamula ndowa, kufuna kupepesa, koma mawu osatuluka. Zinkandipweteka kwambiri, chifukwa chimene ndinkalakalaka zaka zonse, kuti atate akhale chete ngati atate a anzanga, ndinali nditachipeza.

Lachitatu m'mawa amayi anamanga chitenje, anasenza beseni la tomato, n'kufika mpaka pa msewu. Kenaka anabwerera. Anatula beseni pakhonde pafupi ndi mapazi a atate, osalankhula nawo, n'kuzungulira kuseri. Ine ndinali kutsuka mbale pafupi ndi bafa. Ndinawaona akukoka masaka aja n'kuwataya pansi. Anapukuta manja pa chitenje, anayang'ana mpata wa pa mpanda, n'kutulutsa mawu awo onse a kumsika.

"Chokani kutsogolo! Na imwe baneba, chokani!"

Pa mpanda panamveka tswatswa, munthu akuchokadi. Amayi anagwira pulopela ndi manja awiri ngati akugwira munsi, n'kuyamba kukoka. Inakana. Anakoka ndi mphamvu, akutukwana chapansipansi, ndipo inasuntha pang'ono.

"Osati uko!"

Atate anali ataima pa ngodya ya nyumba, opanda nsapato.

"Muizungusa chobwelela. Muzaiononga."

"Nizaononga bwanji chinthu chakufa?" anafunsa amayi, osatembenuka.

Atate anabwera, anachotsa manja a amayi pa pulopela mwaulemu, anaika awo, n'kuizunguza mbali yake yoyenera. Injini inati fuu, fuu. Amayi anaima pomwepo mpaka anamaliza, kenaka anakasenza beseni lawo n'kupita kumsika akudandaula kuti achedwa chifukwa cha zopusa.

Kuyambira tsiku limenelo atate sanadumphenso m'mawa ngakhale umodzi mpaka pamene anadwala matenda awo omaliza. Ankavala chikhoti, ankafuula, ankazunguza. Ana a m'komboni anayamba kubwera okha kudzaona, ndipo iwo ankawaonetsa chilichonse, kuwauza za shedi ija ndi ndege zisanu zimene zinasanduka miphika. Koma mawu awo omaliza aja sanawanenenso. Mwana akafunsa ngati iuluka, atate ankangoyamba kuifunditsa masaka.

Buku lakuda lili ndi ine. Pali mizere itatu yopanda kanthu, ya Lamlungu, Lolemba ndi Lachiwiri, poti atate anaisiya dala. Pansi pake mizere yonse mpaka kumapeto ili ndi liwu limodzi lokha: "Yazunguzidwa."

Nyumba ija ndimakhalamo ndine tsopano, ndipo injini ikadali pamalo pake, pansi pa kadenga ka malata kamene ndinaimangira. Osungunula miphika amabwerabe kudzandinyengerera, ndipo tsache la amayi ndinalisunga. Mapewa anga sakulolanso za tsiku ndi tsiku, ndiye ndimaizunguza Loweruka lokha. Ndimafuula ndithu, anansi atsopano amve. Adzukulu anga amaima patali monga ndinawaphunzitsira, ndipo nthawi zonse pamapezeka mmodzi wofunsa.

"Ambuya, iuluka?"

Ine amene ndinawalanda atate mawu awo ndi pakamwa panga, ndimayankha mokweza, kuti amveke mpaka tsidya la mpanda.

"Siinafe iyai. Ipumula chabe."